Chenjezo kwa eni njinga zamoto zakale: moto ndi sowo zisayandikire fulemu

Eni njinga zamoto zakale, tcherani khutu. Ndikulankhula ndi inu amene munagula Yamaha AG pa okushoni ya bungwe, inu amene bambo anu anakusiyirani DT 125 yomwe ankayendera ali mlangizi wa zaulimi, inu a Honda CG 125, komanso inu anzanga a kabaza amene Lifan kapena Boxer yanu yadya zaka pamsewu. Njinga zanu zikuonongedwa masanasana, dzuwa likuswa mtengo, ndipo ndalama yoziwonongera ikutuluka m'thumba mwanu momwe.

Dutsani pamalo owotcherera pamsika uliwonse, muone nokha. Njinga yagonekedwa pansi, mpando wachotsedwa, mnyamata wagwira gulayinda, moto ukuthetheka. Mwini wake waima chapoteropo akumwetulira. Uyu akufuna kaliyala wautali woti azisanjikapo matumba awiri a chimanga. Uyo akufuna mpando woti pazikwana anthu atatu. Winayo anaona pa Facebook njinga yodulidwa kumbuyo, ndiye akufuna yake ioneke chimodzimodzi.

Lekani! Sowo kapena moto zisanakhudze fulemu ya njinga yanu, imvani kaye izi.

Sindikukuletsani kusintha njinga yanu. Ndi yanu, ndipo njinga yakale imafunikadi kuithandiza: nyali yowala bwino, kaliyala wolimba, zitsulo zotchinga miyendo, potchajira foni. Koma chilichonse chimene mukuwonjezera chikhale chomanga ndi bawuti ndi nati, choti tsiku limene chakuvutani mutenge sipanala, mumasule, njinga ibwerere mmene inalili. Chimene mwadula, mwaboola kapena mwawotcherera pa fulemu sichibwereranso.

Ndikunena izi chifukwa zinatigwera pakhomo pathu.

Achimwene anga anali ndi AG 200, yakale koma yamoyo. Ankachitira geni ya nsomba zouma, kuchoka kunyanja kupita kumisika ya kumtunda. Kaliyala wa ku fakitale anawachepera, ndiye anapita kwa wowotcherera wina. Tsiku limenelo ndinali nawo. Mnyamatayo anayang'ana njinga n'kunena kuti, "Akulu, izi n'zazing'ono. Ndimata apa ndi apa, mudzandiuza nokha." Anadula kachitsulo kumbuyo kwa mpando, analumikizapo mapaipi awiri a geti, kenako anapaka penti yakuda. Zinaoneka bwino kwabasi. Achimwene anamupatsa ndalama yake, n'kuwonjezerapo ya Fanta.

Panapita miyezi. Tsiku lina akutsetsereka pamsewu wafumbi wa mabampu, dengu lili kumbuyo, fulemu inathyoka pansi pa mpando, m'mphepete mwenimweni mwa pomwe anawotchererapo. Katundu anakhalira tayala lakumbuyo, tayala linagwira, njinga inawaponya m'ngalande. Mwendo unathyoka pawiri.

Titapita kukatenga njingayo, ndinayang'ana pothyokapo ndi maso angawa. Theka la chitsulo linali ndi dzimbiri lofiirira, theka linalo linali lonyezimira, longothyoka kumene. Ndiye kuti mng'alu unayamba kalekale pansi pa penti, n'kumayenda pang'onopang'ono, iwo akukwera tsiku ndi tsiku osadziwa kanthu. Tsoka silinunkha.

Mvetsani chimene chimachitika. Fulemu ya njinga yamoto ndi mapaipi opyapyala, ndipo chitsulo chake anachisankha ku fakitale kuti chizigonja pang'ono n'kubwerera njinga ikamadumpha. Makina owotcherera amene ali pamsika ndi a mageti, mafelemu a mawindo ndi mbaula. Moto wake ndi waukulu. Ukafika pa paipi yopyapyala umadya m'mphepete, ndipo chitsulo choyandikana ndi pomatapo chimasintha, chimataya mphamvu. Pomata penipenipo pamaoneka pokhuthala, polimba. Pamene pamathyoka ndi pambali pake. Kunjenjemera kwa injini ndi mabampu a misewu yathu zimangomalizitsa ntchito.

Kuboola nakonso musakupepule. Bowo limodzi pa paipi ya fulemu ndi pomwe mng'alu umayambira, ndiponso ndi khomo la madzi. Mvula ikalowa, dzimbiri limadya chitsulo kuchokera m'kati, kunja kukuoneka bwinobwino.

Ndipo moto wowotcherera suononga fulemu yokha. Wina akawotcherera batire ndi CDI zili zolumikiza, akhoza kuzipsereza, mawa lake njinga n'kukana kulira. Wina amayandikiza moto ku thanki poti wakhuthula petulo yense. Thanki yopanda petulo koma yodzaza mpweya wa petulo imaphulika. Mukaona zimenezo, thawani, ndipo chotsanipo ana amene amakonda kuunjikana pamenepo kudzaonerera.

Pali chinthu chinanso chimene ambiri simukuchiganizira. Pakhosi pa njinga, pomwe foloko yakutsogolo imazungulira, pali nambala yodinda pachitsulo. Pa injini palinso ina. Manambala amenewa ndi amene ali pa mapepala anu a ku Road Traffic. Mnyamata wa gulayinda akapalapo kuti penti igwire, kapena akamatapo kachitsulo kolimbikitsira, nambala yapita. Mukudziwa nokha mmene kuba njinga zamoto kwakulira, mpaka anyamata a kabaza ena kuphedwa kumene chifukwa cha njinga zawo. Wapolisi pa rodibuloko akapeza nambala yopalidwa, mudzamuuza chiyani? Njinga yanu yomwe, yogula ndi thukuta lanu, idzasanduka yokayikitsa. Kugulitsa kudzavuta, kusintha umwini kudzavuta. Pamalo amenewo pasafike gulayinda, ngakhale penti yokhuthala.

Njinga zimenezi musazione ngati zitsulo zotha ntchito. Honda anayamba kupanga CG 125 m'zaka za m'ma 1970, ndipo anaipangira dala maiko ngati athu, komwe njinga imanyamula zopyola muyezo ndipo oyilo sasinthidwa pa nthawi yake. N'chifukwa chake injini zambiri za ku China zimene zadzaza m'misewu yathu zinakopera kwa iyo. Yamaha AG anaipangira alimi a ku Australia ndi New Zealand, ndipo anaiika makaliyala kutsogolo ndi kumbuyo, zitsulo zoteteza zogwirira, ndi chikwama chotsekera tcheni kuti matope ndi fumbi zisamalowe. Anthu amene anazipanga anaganiza mozama. Munthu asakunamizeni kuti m'mphindi makumi atatu akonza zimene iwo analakwitsa.

Tsono muchite bwanji?

Chotsani mpando, muyang'ane. Mupeza kuti njinga ili kale ndi malo omangirapo: mabawuti a pamwamba pa mashokabu akumbuyo, mabowo a kaliyala wa ku fakitale, mabawuti ogwira injini. Gwiritsani ntchito malo amenewo. Pamene palibe bowo, gulani zomangira zozungulira paipi, zomanga ndi bawuti, ndipo pansi pake muike kachidutswa ka chubu chakale kuti chitsulo chisadye chinzake.

Owotcherera sindikuwalanda ntchito. Ambiri ndi amisiri enieni, ndipo kaliyala wabwino amachokera m'manja mwawo. Koma muuzeni mmisiri wanu kuti ayeze pa njinga, akawotcherere pansi kutali ndi njinga, abweretse chinthu chatha, amange ndi mabawuti. Akati, "Bwana, kumata pompa ndiye kwachangu," mukaneni. Musachite manyazi poti ndi mnzanu wa kutchalitchi kapena mlamu wanu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Koma musaganize kuti chinthu chikangokhala cha bawuti ndiye kuti mwapulumuka. Apanso pali misampha, ndipo ina ndi yakupha.

Yang'anani pamutu pa bawuti musanagule. Yolimba imalembedwa 8.8 kapena 10.9. Yolembedwa 4.6 kapena 4.8, ngakhalenso yosalembedwa kanthu ya m'mashopu a zomangira nyumba, ndi yofewa, ndi ya zitseko ndi mabenchi. Musaiike pa kaliyala, pa shokabu, kapena pogwira injini. Mukaika zitsulo zotchinga miyendo pa bawuti ya injini, bawutiyo imafunika yotalikirapo kuti nati igwire mazinga okwanira. Nati yongogwira mazinga awiri ikusiyani panjira.

Mazinga nawonso amasiyana. Pa njinga za ku Japan, bawuti ya mamilimita 10 nthawi zambiri imakhala ya mazinga ang'onoang'ono, a 1.25, pomwe ya m'shopu wamba imakhala ya 1.5. Pamaso zimafanana. Mukaiyamba ndi zala n'kuona kuti ikulimba isanalowe, imani. Mukaikakamiza ndi sipanala, mudya mazinga a m'kati, ndipo ngati ndi pa injini, pomwe chitsulo chake ndi aluminiyamu wofewa, mwadziputira ntchito yaikulu. Eni Yamaha, dziwaninso kuti pa njinga zambiri za kampani imeneyi galasi la kumanja lili ndi mazinga obwerera kumbuyo. Ambiri athyola pogwirira pake poyesa kumasula ngati bawuti wamba.

Njinga imanjenjemera, ndipo chomanga chilichonse chimafuna kumasuka. Ikani nati zokhala ndi pulasitiki m'kati, kapena pakani mankhwala ogwiritsa mazinga. A Loctite abuluu amamasuka ndi sipanala, ofiira amafuna kutenthetsa ndi moto, choncho tengani abuluu. Musalumikize paipi ku sipanala kuti mumange mwamphamvu, mudula bawuti. Pakatha masiku awiri kapena atatu, bwererani ndi sipanala pa bawuti iliyonse imene munaikhudza.

Ndipo pamene panali pini yopinda, monga pa nati ya tayala kapena pa kachitsulo kogwira buleki yakumbuyo, bwezeranipo pini yatsopano. Msomali si pini. Waya wa m'khola si pini.

Ena mukufuna mahandulo ataliatali. Njinga zambiri zamtunduwu mahandulo ake ndi a mamilimita 22, ndipo kusintha n'kosavuta. Koma mawaya a mafuta, a kilatchi ndi a buleki yakutsogolo anayezedwa pa mahandulo akale. Mukamaliza kumanga, lizani injini njinga ili chiimire, mukhotetse mahandulo mpaka kumapeto kumanzere, kenako kumanja. Injini ikakweza mawu yokha, waya wa mafuta ukukoka. Musakwere. Njinga yotero idzathamanga yokha pakona, nthawi imene inu mukufuna ichepetse liwiro.

Magalasi oonera kumbuyo asiyeni pamalo pake. Anyamata, amene akukuuzani kuti njinga yopanda magalasi ndiye yaukatswiri sadzakhalapo thiraki ikamadzakupumirani kumsana pa M1.

Tsopano nkhani ya magetsi, ndipo apa ndikupemphani mumvetsetse, chifukwa njinga zambiri zapsa pa chifukwa chopepuka.

Nyali za LED, potchajira foni, wailesi, hutala wamkulu, zonsezi zimaikika popanda kudula waya ngakhale umodzi wa ku fakitale. Koma chimene chikuchitika m'magalaja ambiri n'chakuti munthu amasenda waya ndi mano kapena lezala, amapotokolerapo wina, n'kukulunga ndi kachidutswa ka jumbo. Mawaya amenewo amadutsa pansi pa thanki, pafupi ndi mpopi wa petulo. Tsiku limene jumbo lasungunuka, waya n'kukhudza fulemu, moto umayaka pakati pa miyendo yanu.

Chilichonse chatsopano chikhale ndi waya wakewake wochokera ku batire, ndi fyuzi yake pafupi penipeni ndi batireyo. Masamu ake ndi ochepa: nyali ya mawati 36 pa njinga ya mavoliti 12 imakoka maampu 3, choncho fyuzi ya 5 ikukwanirani. Fyuzi ikapsa, ikukuuzani kuti penapake pali vuto. Lifufuzeni. Musalowetsepo waya, musakulungepo kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya. Mukatero mwachotsa mlonda, ndipo chotsatira kupsa ndi njinga.

Fufuzaninso ngati njinga yanu ndi ya mavoliti 12, chifukwa zina zakale kwambiri ndi za 6. Komanso koyilo yopanga magetsi pa njinga zazing'onozi ili ndi malire. Mukaisenzetsa nyali zinayi ndi wailesi, batire imatha mukuyenda, nyali yaikulu n'kuyamba kuzirala usiku pakati pa tchire. Nyali yowonjezera muiweramitse iunike pamsewu. Ikathobwa m'maso woyendetsa galimoto imene ikubwera kutsogolo kwanu, amene agundidwe ndinu.

Za injini ndinene mwachidule, koma musazitaye. Musachotse bokosi la fyuluta ya mpweya n'kuikapo kafyuluta kapoyera chifukwa chakuti kakuoneka bwino. Fumbi la mu October mumalidziwa. Likalowa mu injini limapala pisitoni ngati sandipepa, ndipo mvula ikagwa kafyuluta kotero kamamwa madzi. Musaboole kapena kudula ekizozi kuti izilira mokweza. Mukasintha kalowedwe ka mpweya kapena katulukidwe ka utsi koma kabuleta ili momwemo, petulo amachepa, injini imatentha mopyola. Masulani pulagi muone: yofiirira ngati chigumu ndiye bwino, yoyera mbuu ndiye kuti injini ikupsa.

Inu a AG 100 ndi DT 125, njinga zanu zili ndi kapampu kothira oyilo mu injini, kotchedwa Autolube. Alipo amene angakuuzeni kuti mukachotse, muzisakaniza nokha oyilo mu petulo. Ganizirani tsiku limene mphwanu wabwereka njinga n'kuthira petulo wosasakaniza. Injini imagwira ili pa liwiro, tayala lakumbuyo limaima nthawi yomweyo. Kapampu kakavuta, kakonzeni.

Chikwama chotsekera tcheni pa AG chisiyeni. Chimatalikitsa moyo wa tcheni, ndipo chimateteza chitenje cha amayi amene mwawanyamula kuti chisakodwe.

Kaliyala wa mabawuti, ngakhale atalimba bwanji, sasandutsa njinga kukhala lole. Katundu akakhala kumbuyo kupyola pakati pa tayala lakumbuyo, tayala lakutsogolo limapepuka, mahandulo amayamba kugwedera, ndipo pokwera chitunda njinga imafuna kuimirira. Mabuleki ndi omwe aja. Katundu wolemera mum'sendeze pafupi ndi msana wanu. Mukasintha mashokabu, yezani kuti atsopano atalike mofanana ndi akale, chifukwa aatali amasintha kakokedwe ka tcheni, ndipo tcheni yokoka mopyola imaduka.

Chomaliza pa kusintha: chilichonse chimene mwamasula, pitani nacho kwanu. Mpando wakale, kaliyala, mahandulo, nyali, kabuleta, ngakhale mabawuti. Jambulani ndi foni musanamasule, kuti mudzakumbukire chinali pati. Pakani oyilo pang'ono, ikani m'thumba, sungani pouma. Amakaniko ena angakuuzeni kuti "izi zatha, tingotaya," mawa lake mukazipeza pa njinga ya munthu wina. Zipangizo zenizeni za njinga zakale za ku Japan n'zosowa, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo. Tsiku logulitsa, wogula wodziwa njinga adzalipira bwino njinga imene ingabwerere mmene inachokera ku fakitale. Yodulidwa adzaigula pa mtengo wa zitsulo zakutha.

Inu amene mukufuna kugula njinga yakale, musakopeke ndi penti yatsopano. Pemphani kuti achotse mpando ndi zotchinga za m'mbali. Yendetsani chala pa mapaipi onse. Mukapeza pomata pa mabumphumabumphu, posiyana ndi pomata pa ku fakitale, funsani chinachitika n'chiyani. Werengani nambala ya pakhosi ndi ya pa injini, muziyerekeze ndi mapepala. Wogulitsa akakana, bwererani ndi ndalama yanu.

Inunso amayi ndi abambo amene mumakwera kabaza, kapena kukwezapo ana opita kusukulu, nkhaniyi ikukukhudzani. Musanakwere, gwirani kaliyala, mugwedeze. Akagwedera, kapena mukaona kuti kumbuyo kwa njinga n'kolumikiza ndi mapaipi, itanani wina. Madokotala a mafupa ku zipatala za Queen Elizabeth ndi Kamuzu Central akhala akudandaula za kuchuluka kwa anthu ovulala pa ngozi za njinga zamoto. Mwana wanu asakawonjezere chiwerengero.

Ndipo inu amene njinga yanu inawotchereredwa kale, musadikire. Lero lomwe, musanailize, chotsani mpando, pukutani fulemu ndi kansanza, muunike ndi tochi m'mphepete mwa pomata ponse. Mukaona kamzere kopyapyala ngati tsitsi, kapena penti yosweka ndi dzimbiri likutuluka pamenepo, musakwere, musanyamule munthu, musanyamule katundu. Musaibwezere kwa yemwe uja kuti angomatapo pamwamba. Ikankheni, kapena ikwezeni pa galimoto, ipite kwa mmisiri wodziwa za mafulemu a njinga zamoto.

Achimwene anga mpaka lero amayenda motsimphina, ndipo AG yawo ili kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Chonde abale anga, uzani mnzanu aliyense amene ali ndi njinga yamoto, iye asanafike kwa wa gulayinda.